Antoine Lavoisier, Munthu wa Sikelo

Mai wa ku Ndirande akasonkha makala pa mbaula madzulo, m'mawa apeza kaphulusa kocepa. Nanga makala aja apita kuti? Amene anayankha funso limeneli ndiye Antoine Lavoisier, wobadwira ku Paris m'caka ca 1743.

Anaphunzira za malamulo monga atate wace, koma mtima wace unali pa sikelo. Cinthu cimene anafuna kutentha anacitsekera m'botolo pamodzi ndi mpweya, nayesa kulemera kwace. Moto utazima anayesanso, ndipo kulemera kuja sikunasinthe. Motero anaonetsa kuti moto sutha kanthu, ungosanduliza. Makala aphatikana ndi gawo lina la mpweya, limene iye analipatsa dzina la okosijeni, nasanduka mpweya wina wosaoneka ndi maso. Anapezanso kuti kupuma kwa munthu kunga moto woyaka pang'onopang'ono, wodya okosijeni yemweyo. M'nyumba yotseka mbaula icepetsa okosijeni niyamba kutulutsa mpweya wakupha. Ambiri agona nayo nyengo ya cisanu osadzukanso.

M'caka ca 1789 anasindikiza buku lace, m'mene anawerenga zinthu 33 zimene anaziyesa zosagawanika. Zithunzi za m'bukumo anajambula ndi mkazi wace, Marie-Anne, mnzace wa pa nchito.

Koma Lavoisier analinso wokhometsa msonkho wa mfumu, nchito yodedwa ndi anthu. Ufumu utagwa anamgwira, ndipo pa 8 May 1794 anamdula mutu pamodzi ndi mpongozi wace, ali ndi zaka 50.