William McKnight, bwana yemwe adaleka kutchingira antchito ake

Mabwana ambiri akapeza wantchito akuchita zake panthawi ya ntchito amamulembera kalata yomuchenjeza, ena mpaka kumuchotsa. Koma William McKnight, yemwe adatsogolera kampani ya 3M ku America kwa zaka zoposa 50, adasankha kupatsa antchito ake nthawi yoti ayese maganizo awo, malipiro awo osadulidwa. Maganizowa sadabadwe nawo, adawaphunzira atalakwitsa iye mwini.

McKnight adabadwa pa 11 November 1887 m'banja la alimi ku South Dakota. Ataphunzira zowerengera ndalama mumzinda wa Duluth, m'chaka cha 1907 adalembedwa ntchito ku Minnesota Mining and Manufacturing, yomwe lero imadziwika kuti 3M, ngati wothandizira kalaliki wa mabuku a ndalama. Malipiro ake adali $11.55 pasabata.

Kampaniyi idali pamavuto adzaoneni. Eni ake adaikhazikitsa m'chaka cha 1902 poganiza kuti apeza mgodi wa mwala wolimba wonolera zitsulo, koma mwalawo udapezeka kuti ndi wachabechabe. Posowa pogwira, adayamba kupanga sandipepa, nayenso makasitomala ankamudandaula.

Atapatsidwa udindo woyang'anira malonda m'chaka cha 1911, McKnight adalamula ogulitsa kuti asamathere mu ofesi ya ogula katundu, koma azilowa m'mafakitale kukacheza ndi amisiri ogwiritsa ntchito sandipepayo. M'chaka cha 1914 adakhala manijala wamkulu, ndipo mu 1916 adatsegula kachipinda koyezera katundu ndi ndalama zokwana $500. Chaka chomwecho eni masheya adayamba kulandira phindu.

Mu 1921 kampaniyi idayamba kugulitsa sandipepa wosaonongeka ndi madzi, yemwe adatulukira Francis Okie wa ku Philadelphia. Chaka chomwecho idalembanso mnyamata wina woimba banjo, Richard Drew.

Drew ankatumidwa kumagalaja kukayesa sandipepa watsopanoyo. Kumeneko adaona momwe openta galimoto ankavutikira. Galimoto za mitundu iwiri zidali m'fasho, ndipo kuti penti asadumphe malire, amisiri ankamata mapepala ndi zomatira zamphamvu zomwe pomatula zinkachotsa ndi penti yemwe. Drew adawalonjeza kuti apanga tepi yomata bwino koma yosavuta kumatula.

Miyezi idadutsa osaphula kanthu. McKnight adatopa nazo ndipo adauza mnyamatayo kuti asiye zimenezo abwerere kusandipepa. Drew adabwerera, koma tepi sadaisiye. Mbiri ya kampaniyi imati atakanizidwa ndalama zogulira makina, adapezerapo mwayi pa chilolezo chomwe adali nacho chogula zinthu zosafika $100 popanda kupempha, n'kumalemba maoda a $99 mpaka zipangizo zidakwana. McKnight adadziwa zomwe zinkachitika, koma sadamulange.

Tepi ya openta ija idatuluka mu 1925 ndipo idagulidwa kwambiri. Mu 1930 Drew yemweyo adatulukira tepi yoonekera mkati ya Scotch, ya mtundu womwe anthu amangoti selotepi. Iyi idafika nthawi imene chuma cha America chidagwa, pamene mabanja ankamata mabuku ndi zinthu zina zong'ambika m'malo mogula zatsopano. Katundu wa mnyamata yemwe bwana adamuletsa uja ndiye adathandiza kampani kudutsa m'zaka zovutazo.

McKnight, yemwe adakhala pulezidenti wa kampaniyi mu 1929, adaona kuti Drew akadamumvera, chuma chonsecho chikadatayika. Adavomereza kuti mutu umodzi susenza denga, ngakhale utakhala mutu wa bwana. Mu 1948 adalemba mfundo zoyendetsera kampani, pomwe adalangiza mamanijala kuti azipatsa anthu udindo ndi kuwalola kugwira ntchito m'njira yawo. Adachenjeza kuti antchito adzalakwitsa ndithu, koma zolakwa zawo n'zochepa poyerekeza ndi za bwana wofuna kulamula chilichonse, ndipo kukalipira munthu akalakwitsa kumapha mtima wofuna kuyesa zatsopano.

Kuchokera pamenepo padakhazikika mwambo wakuti akatswiri a kampaniyi atha kugwiritsa ntchito magawo 15 pa 100 alionse a nthawi yawo pa ntchito yomwe adzisankhira okha. Kwa munthu wogwira maola 40 pasabata, amenewo ndi maola 6. Sadali maola opumula kapena ochitira geni yapadera, chifukwa chotulukapo chidali cha kampani. Zambiri zoyesedwa sizinkapita patali, ndipo kampani inkalipira nthawiyo osadziwa ngati ibweza. McKnight adalolera kutaya pang'ono kuopa kutaya zazikulu.

Mkuluyu adakhala wapampando wa bodi kuyambira 1949 mpaka 1966. Iye ndi mkazi wake Maude adakhazikitsa bungwe lachifundo la McKnight Foundation mu 1953. Ankakondanso mahatchi a mpikisano, ndipo hatchi yake Dr. Fager idasankhidwa kukhala yopambana ku America mu 1968. Adamwalira pa 4 March 1978 ali ndi zaka 90.

Chipatso china chotchuka cha mwambo wake sadachione chitafalikira pamsika. Mu 1968 katswiri Spencer Silver adapanga guluu wosamata kwambiri yemwe adasowa ntchito kwa zaka zingapo. Mu 1974 mnzake Art Fry, woimba kwaya, adatopa ndi timapepala tomwe tinkagwa m'buku lake la nyimbo, ndipo adagwiritsa ntchito maola ake aja kuyesa guluuyo. Timapepala tomata ta Post-it tidayamba kugulitsidwa m'dziko lonse la America mu 1980, patatha zaka ziwiri McKnight ali m'manda.

Makampani ena adatengera nzeruyi, monga Google yomwe mu 2004 idalengeza kuti imalimbikitsa antchito ake kuthera magawo 20 pa 100 a nthawi yawo pa maganizo awo. Koma chiyambi chake chidali tsiku lomwe McKnight adapeza Drew akupitiriza ntchito yoletsedwa, n'kumusiya.