Arthur Ashe: katswiri wa tenisi amene anaika nzeru patsogolo pa mphamvu

Pa 5 July 1975, amuna awiri a ku America analowa m'bwalo lalikulu la Wimbledon, mumzinda wa London, kukalimbirana chikho cholemekezeka kwambiri pamasewera a tenisi. Onse awiri anali atasiya maraketi amatabwa amene osewera ambiri ankagwiritsabe ntchito. Jimmy Connors, wa zaka 22, yemwe ankateteza chikhocho, ananyamula raketi yachitsulo ya Wilson T2000. Arthur Ashe, amene anatsala ndi masiku asanu kuti akwanitse zaka 32, ananyamula raketi ya kampani ya Head yotchedwa dzina lake lomwe. Ambiri odziwa za masewerawa ankaona ngati Ashe wangobwera kudzaperekeza mnzake. Koma iye ndiye anakweza chikhocho, ndipo kufikira lero palibe mwamuna wina wakuda amene wapambanapo mpikisano wa mmodzimmodzi ku Wimbledon.

Ashe anabadwa pa 10 July 1943 ku Richmond, m'chigawo cha Virginia, kumene malamulo atsankho ankalekanitsa akuda ndi azungu m'masukulu, m'mabasi ngakhale m'mabwalo a masewera. Bambo ake anali woyang'anira Brook Field, paki ya anthu akuda, ndipo nyumba yawo inali mkati mwa pakiyo, pafupi ndi mabwalo a tenisi. Mayi ake anamwalira mu 1950 iye ali ndi zaka 6. Mphunzitsi wake woyamba, Ron Charity, ataona luso la mwanayo, anamupereka m'manja mwa Dr Robert Walter Johnson wa ku Lynchburg, dokotala amene anathandizanso Althea Gibson, mkazi woyamba wakuda kupambana ku Wimbledon.

Kwa Dr Johnson mwambo unali patsogolo. Ana ake ankawaletsa kukangana ndi oweruza kapena kuonetsa ukali m'bwalo, ndipo mpira uliwonse wogwera pafupi ndi mzere ankayenera kuuwerengera mokomera mdani wawo. Dokotalayo ankadziwa kuti okonza mipikisano ankangofuna kachifukwa kakang'ono kuti atsekere ana akuda pakhomo. Kudziletsa kumeneko Ashe anakula nako mpaka imfa yake.

Anakaphunzira pa yunivesite ya UCLA ku California, ndipo mu 1963 anakhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa m'timu ya dziko la America yopikisana pa chikho cha Davis Cup. Mu 1968, ali msilikali, anapambana mpikisano woyamba wa US Open atagonjetsa Tom Okker wa ku Netherlands. Popeza sanali kusewera ngati ntchito yolipidwa, mphoto ya madola 14,000 inapita kwa Okker, amene anagonja. Mu 1970 Ashe anatenganso chikho cha Australian Open.

M'zaka zimenezo raketi ya katswiri inkapangidwa ndi timatabwa topyapyala tomatikizana. Inkalemera magalamu pafupifupi 400, ndipo mutu wake unali waung'ono poyerekeza ndi maraketi a masiku ano, kotero kuti mpira ukaphonya pakati penipeni pa zingwe sunkapita kumene wosewera wafuna. Zingwe zimene akatswiri ankakonda zinali zopangidwa ndi matumbo a ziweto, ndipo chogwirira chinkakulungidwa ndi chikopa. Vuto la thabwa linali lakuti linkapindika ndi chinyezi, komanso linkafooka likamenya mpira kwa nthawi yaitali.

Kampani ya Head inabwera ndi nzeru zochokera kwina. Woiyambitsa, Howard Head, anali injiniya wa ndege amene anatchuka popanga timatabwa totsetserekera pa chipale chofewa, tokutidwa ndi aluminiyamu. Luso lomwelo analitengera ku tenisi. Raketi ya Arthur Ashe Competition inali ndi mapepala awiri a aluminiyamu, kuno ndi uko, ndipo pakati pake panali pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi. Inali yaphwatalala, yamtundu wasiliva, yotseguka pakhosi, moti ena ankaiseka kuti ikufanana ndi chokunthira fumbi m'makapeti. Koma sinkaopa chinyezi, ndipo inali imodzi mwa maraketi oyamba opangidwa ndi zinthu zosakaniza, amene pambuyo pake anachotseratu thabwa pamasewerawa. Ashe anaivomera anzake ambiri akukayikabe.

Mwachibadwa Ashe anali wosewera wamphamvu. Mpira wake woyambira unkathamanga ngati mphezi, ndipo ankakonda kumenya molimba kuti athetse nkhani msanga. Koma mphamvu yoteroyo ndiyo inali chakudya cha Connors. Iye ankasewera ndi dzanja lamanzere, ndipo raketi yake yachitsulo, imene inachokera ku nzeru za katswiri wakale wa ku France René Lacoste, inkabweza mpira wothamanga ndi liwiro loposa limene wabwera nalo. Panalinso chidani. Connors anali atasumira Ashe, yemwe panthawiyo anali pulezidenti wa bungwe la osewera la ATP, ponena kuti anamuipitsira mbiri pomudzudzula chifukwa chokana kusewera m'timu ya Davis Cup.

Usiku woti mawa ndi ndime yotsiriza, Ashe anakhala pansi ndi anzake, kuphatikizapo Donald Dell, n'kugwirizana zochita zosiyana ndi chizolowezi chake. M'bwalo anayamba kudula mpira chapansi kuti ufike mofewa ndi motsika kudzanja lamanzere la Connors. Mpira woyambira ankaupotozera kunja kwa bwalo, ndipo Connors akathamangira ku ukonde, ankamudutsitsira mpira pamwamba. Connors anasowa liwiro loti abwereke. Ashe anapambana ndi zigawo 6-1, 6-1, 5-7, 6-4. Raketi imene inapangidwira mphamvu anaigwiritsa ntchito modekha, ndipo posakhalitsa mlandu uja unachotsedwa kukhoti.

Raketi yomweyo inamufikitsa ku Africa. Mu 1970 anayendera mayiko angapo, kuphatikizapo Zambia, Kenya ndi Nigeria, akuphunzitsa achinyamata. Chaka chotsatira, ali ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, anachita chidwi ndi mnyamata wa zaka 11, Yannick Noah. Anamupatsa raketi, nauza akuluakulu a tenisi ku France kuti amutenge. Noah anadzapambana French Open mu 1983.

Ku South Africa zinthu zinali zovuta. Boma latsankho linamukaniza chilolezo cholowera m'dzikolo kangapo, zimene zinathandiza kuti dzikolo lichotsedwe mu Davis Cup mu 1970. Atamulola mu 1973, anaumirira kuti oonerera asakhale mosiyanitsa mitundu. Ku Johannesburg anagonja kwa Connors m'ndime yotsiriza, koma anapambana mpikisano wa awiriawiri limodzi ndi Okker, ndipo anakacheza ku Soweto. Si onse anakondwera. Ena mwa omenyera ufulu ankati kubwera kwake kukuyeretsa nkhope ya boma lopondereza. Patapita zaka Ashe anasintha maganizo n'kuyamba kulimbikitsa kuti dzikolo lisalidwe pamasewera, ndipo mu January 1985 anamangidwa pochita zionetsero kunja kwa ofesi ya kazembe wa South Africa ku Washington.

Thupi ndilo linamugwiritsa mwala. Mu July 1979 anadwala mtima, anachitidwa opaleshoni kumapeto kwa chakacho, ndipo mu 1980 anapachika raketi. Anatsogolera timu ya America imene inatenga Davis Cup mu 1981 ndi 1982. Pa opaleshoni yachiwiri ya mtima, mu 1983, anaikidwa magazi nthawi imene kuyeza magazi ngati ali ndi kachilombo ka HIV kunali kusanayambe, ndipo madokotala anakhulupirira kuti m'menemo ndimo anatengera kachilomboko. Anadziwa za matendawa mu 1988, chaka chimene anatulutsanso A Hard Road to Glory, mabuku atatu a mbiri ya anthu akuda a ku America pamasewera. Nkhani ya matenda ake anaisunga m'banja pofuna kuteteza mwana wake wamkazi, kufikira mu April 1992 pamene nyuzipepala ya USA Today inaitulukira. Anailengeza yekha, nakhazikitsa bungwe lolimbana ndi Edzi, ndipo pa 1 December chaka chomwecho analankhula ku United Nations. Anamwalira ndi chibayo ku New York pa 6 February 1993, ali ndi zaka 49.

Lero ndime yotsiriza ya US Open imachitikira m'bwalo la Arthur Ashe Stadium, lomwe linatsegulidwa mu 1997 ndipo limalowa anthu oposa 23,000. Kwawo ku Richmond, mzinda umene unkamuletsa kusewera ndi ana achizungu, chiboliboli chake chinaimikidwa mu 1996 mumsewu wa Monument Avenue. Ziboliboli za atsogoleri a nkhondo yoteteza ukapolo zimene zinali mumsewuwo zinachotsedwa mu 2020 ndi 2021, koma chake chilipobe. Chikumuonetsa atazunguliridwa ndi ana, dzanja lina litanyamula raketi, lina litanyamula mabuku, ndipo mabukuwo ndiwo ali pamwamba.