Mbiri ya malemu a Clyde Mitchell, wofufuza za moyo wa m'tauni

Kodi munthu akacoka kumudzi ndi kudzakhala m'komboni monga ya Mtendere mu Lusaka, amatsogozedwabe ndi mtundu wake, kapena amadzisankhira yekha njira? Funso limeneli ndilo linawavutitsa maganizo malemu a James Clyde Mitchell, katswiri wa maphunziro a kakhalidwe ka anthu.

A Mitchell anabadwira ku South Africa m'caka ca 1918. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, iwo analowa nchito ku bungwe lofufuza la Rhodes-Livingstone Institute. Poyamba anakakhala pakati pa Ayao ku Nyasaland, komwe lero ndi ku Malawi, ndipo kuyambira mu 1952 kufikira mu 1955 anali mkulu wa bungweli.

Masiku amenewo atsamunda ambiri anali kuona munthu wakuda wa m'tauni ngati mlendo cabe, womangika ndi mwambo wa kwao. A Mitchell anakaonerera gule wa Kalela ku Luanshya, wovinidwa ndi anyamata a Cibisa. Anapeza ovinawo atavala mwaudongo zovala zacizungu, akuimba nyimbo zotamanda kwao ndi zoseka mitundu ina. Zimenezi anazilemba m'buku la The Kalela Dance la mu 1956.

Mfundo yao inali yakuti m'tauni mtundu si goli. Munthu mmodzi yemweyo amaima monga Mbisa pa gule, koma pokambirana za malipiro amaima pamodzi ndi anchito anzake a mitundu yonse. Amasankha yekha poona pamene ali, ngakhale kuti umphawi, malamulo a boma ndi anthu amene amadalirana nao zimamuikira malire. Za kudalirana kumeneku anasonkhanitsa buku lina mu 1969.

Iwo anafotokozanso za cimbuya, kuti mitundu imene inali pa nkhondo kale, monga Angoni ndi Abemba, inasandutsa udani kukhala nthabwala ndi kuthandizana pa maliro. Mwambo umenewu ukali kuoneka m'makomboni a mu Lusaka.

Pambuyo pake a Mitchell anaphunzitsa ku Salisbury, ku Manchester ndi ku Oxford, ndipo anamwalira mu 1995. Bungwe limene analitsogolera lija tsopano lili pansi pa University of Zambia, ndipo dzina lake ndi Institute of Economic and Social Research.