Orton Chirwa, Loya Woyamba wa Dziko Lino

Akuluakulu a ku Malindi ndi ku Mangochi sanaiwale chaka cha 1964, pamene mwana wao Masauko Chipembere anatula pansi unduna. Iye anatero pogwirizana ndi anzake amene Dr. Banda anawachotsa pa udindo, ndipo mmodzi wa iwowo anali Orton Ching'oli Chirwa, Nduna ya Zachilungamo.

Chirwa anabadwa pa 30 January 1919 m'boma la Nkhata Bay. Ataphunzira ku Fort Hare, naphunzitsa ku Domasi, anapita ku London kukalowa Lincoln's Inn, imodzi mwa nyumba zinayi zakale zosulirako maloya. Kumeneko kukhoza mayeso kokha sikunali kokwanira ai. Wophunzira anayenera kudya chakudya chamadzulo m'nyumbamo masiku oikika, pamodzi ndi akulu a ntchitoyo, monga mnyamata aphunzirira mwambo ku mphala. M'chaka cha 1958 anamuitanira ku bar, dzina lochokera ku tchinga lamatabwa limene kale linkalekanitsa ophunzira ndi oyankhula milandu. Tsono anavala mkanjo wakuda ndi chisoti choluka ndi ubweya wa kavalo, nakhala Mwafirika woyamba wa Nyasaland kufika pamenepo.

Zovalazo n'zachabe pozilinganiza ndi miyambo imene anabwera nayo pamtima: kuti woimbidwa mlandu ali wosalakwa kufikira umboni utamtsutsa, kuti mboni inene zimene inaona ndi maso ake, osati zakumva, ndiponso kuti munthu ali ndi ufulu wa womuyankhulira pabwalo.

Mu 1959 anayambitsa Malawi Congress Party, naupereka utsogoleri kwa Banda atatuluka m'ndende mu 1960. Mu 1962 anatsogolera lamulo lokonza makhoti am'madera. Koma atathawira ku Tanzania pa mkangano uja, Boma linasintha lamulolo mu 1969, nilipatsa Makhoti a Mafumu mphamvu yoweruza milandu ya imfa popanda loya.

Pa 24 December 1981 anamugwira pamodzi ndi mkazi wake Vera pafupi ndi malire a Zambia, nawaimba mlandu woukira Boma. Munthu wodziwa malamulo a Angelezi kuposa anzake onse anaimirira m'bwalo lotero ku Soche, mu Blantyre, wopanda womuyankhulira. Ndipo mboni zimene iwo anapempha kuchokera kunja zinakanizidwa. Awiriwo, pokhala maloya onse, anadziyankhira okha. Mu May 1983 anawaweruza kuti aphedwe, ndipo apilo yao inakanidwa. Koma maiko atadandaula, chilangocho chinasanduka ndende ya moyo wonse mu 1984.

Chirwa anafera m'ndende ya Zomba pa 20 October 1992, ali ndi zaka 73. Vera anamasulidwa mu January 1993, ndipo makhoti aja analeka kuweruza chaka chomwecho.