Rabindranath Tagore, mphunzitsi amene adasankha mthunzi wa mtengo

Ambiri a ife kuno kwa Kasakula timasonkhanitsa ana pansi pa mtengo, ndipo nthawi zambiri timatero modandaula poti chipinda chophunziriramo palibe. Munthu amene tiwerenge mbiri yake lero adachita kusankha yekha mthunzi wa mtengo, chonsecho adabadwira m'banja lolemera.

Rabindranath Tagore adabadwa pa 7 Meyi 1861 mumzinda wa Calcutta, umene lero ukutchedwa Kolkata, m'chigawo cha Bengal ku India. Bambo ake, a Debendranath Tagore, adali ndi minda yaikulu, ndipo pakhomo pawo padali podzaza ndi oimba, olemba ndi ojambula. Koma sukulu sidamukomere mnyamatayu. Adamuyesa pa sukulu zinayi, konseko zidakanika. Chimene chinkamusowetsa mtendere ndi kukhala pa benchi tsiku lonse, kuyang'ana khoma, kuloweza mawu a Chingerezi osawamva tanthauzo, kwinaku akuopa ndodo. Akafika kunyumba ankasandutsa timatabwa totchinga khonde kukhala ana a sukulu, iye n'kukhala mphunzitsi, n'kumatikwapula. Mwana amachita zimene waona. Atafika zaka pafupifupi 14 adasiyiratu sukulu.

Maphunziro amene adamulowa adawapeza paulendo. Mu 1873 bambo ake adamutenga kupita kumapiri a Himalaya. Ankamudzutsa m'mamawa kuti aphunzire chinenero chakale cha Sanskrit, madzulo n'kumamuonetsa nyenyezi ndi kumuuza mayina ake. Adamupatsa tindalama toti azisunga ndi kulemba mmene tayendera, ndipo masana ankamusiya kuti aziyendayenda yekha m'mapirimo. Mwambo udalipo, ufulu udaliponso. Ulendowu udadzera pamalo ena ouma, a dothi lofiira, pafupi ndi tauni ya Bolpur, amene bambo akewo adagula n'kuwatcha Santiniketan, kutanthauza malo a mtendere.

Atakula, a Tagore adapita ku England mu 1878 koma adabwerako wopanda digiri. Kenaka adakhala zaka pafupifupi khumi akuyang'anira minda ya banja lawo ku Shilaidaha, m'mbali mwa mtsinje wa Padma, kumene adaona ndi maso umphawi wa alimi. Mu 1892 adalemba nkhani yotsutsa kuphunzitsa ana m'chinenero chimene sayankhula kwawo. Mkangano umenewu ngakhale ife timaudziwa.

Mu Disembala 1901 adatsegula sukulu ku Santiniketan ndi ana asanu okha, mmodzi mwa iwo ali mwana wawo Rathindranath. Ndalama zidali zosowa. Akazi awo, mayi Mrinalini, adagulitsa zodzikongoletsera zawo zagolide, ndipo iwo eni adagulitsa nyumba yawo ya ku Puri. Chaka chotsatira mayiwo adamwalira, ndipo mu 1903 adatsatira mwana wawo wamkazi, Renuka. Sukulu sidatsekedwe.

Pa sukuluyi ana ankadzuka kusanache, kusesa, kuimba, kenaka kukhala phee kwa kanthawi, aliyense payekha. Pophunzira, mwana ankanyamula kamkeka kake n'kukakhala pansi pa mitengo ya mango, mozungulira mphunzitsi. Maphunziro ankachitika m'Chibengali. Kuimba, kujambula, kuchita sewero ndi kuyenda m'tchire kukaona mbalame ndi zomera zidali mbali ya maphunziro enieni, osati zotayitsa nthawi pa Lachisanu masana. Patapita zaka zingapo atsikana adayamba kulandiridwa, ndipo ana adakhala ndi bungwe lawolawo lokambirana za ukhondo ndi milandu ya pakati pawo.

Tiime pang'ono pa zikondwerero, pakuti apa ndi pamene a Tagore adasiyana kwambiri ndi aphunzitsi a nthawi yawo. Iwo adafuna kuti chaka cha sukulu chiziyenda ndi nyengo, osati ndi mayeso okha. Kudali chikondwerero cholandira mvula, china cha nthawi imene mvula yatha, ndi china cha nyengo ya mphukira, pamene kuzizira kwatha ndipo mitengo yayamba kuphuka. Chomalizachi, chotchedwa Basanta Utsav, chimachitika cha m'Malichi. Ana amavala zachikasu, amadzikongoletsa ndi maluwa ofiira a mtengo wa palash, amayenda pamzere akuimba ndi kuvina, kenaka n'kupakana ufa wamitundumitundu. Mbiri ya sukuluyi imati mwambo wokondwerera nyengo adauyambitsa mu 1907 ndi mwana, Samindranath, chitsirizira cha a Tagore, amene adasonkhanitsa anzake kuti avale ndi kuimba moyimira nyengo za chaka. Mnyamatayo adamwalira ndi kolera mu Novembala chaka chomwecho, ali ndi zaka pafupifupi 11. Bambo ake adausunga mwambowo n'kuukulitsa.

Chikondwerero chidali phunziro pachokha. Masabata angapo chisanafike ana ankaphunzira nyimbo, kuloweza mbali zawo za sewero, kusoka zovala, kujambula pansi ndi ufa wa mpunga, ndi kuona kuti ndi mtengo uti wayamba maluwa. A Tagore ankalemba okha masewero a anawo, monga Sharadotsav mu 1908, ndipo ankasewera nawo limodzi. Mwana wovutika kuwerenga ankapeza pothandiza, kaya pa ng'oma kaya pa zokongoletsa, motero ankaoneka kuti nayenso ndi munthu. Padalinso nzeru ina. India lidali dziko logawikana pa zipembedzo ndi pa magulu obadwa nawo. Chikondwerero cha mvula kapena cha maluwa sichidali cha gulu limodzi, choncho mwana wa Mhindu, wa Msilamu ndi wa Mkhristu ankatha kuima pamzere umodzi.

Tikafuna kutengerapo, tisatengere mwezi. Malichi wathu si wa mphukira, ndi wa dowe, maungu ndi nkhaka. Mphukira yathu imafika cha m'Seputembala, pamene mitengo ya m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa imatulutsa masamba ofiira mvula isanagwe n'komwe, mango atachita kale maluwa. Kenaka pamabwera chizimalupsa, masuku amapsa, ndipo mvula yobzalira ikagwa kumatuluka inswa ndi bowa. Mwana wa kuno amazidziwa zonsezi asanadziwe a, e, i, o, u, koma kawirikawiri akakhala pansi kuti aphunzire timamuuza kuti aziiwale kaye. Makolo athu sankatero. Masanje a pambuyo pokolola, pamene ana ankamanga timisasa, kuphika okha ndi kuweruzana milandu, adali sukulu yoyendetsedwa ndi ana, yogwirizana ndi nyengo. Funso loti tikambirane m'gulu lathu ndi ili: mtengo umene timakhala pansi pake uja, ana athu adauphunzirapo chiyani chaka chino?

Tisaganize kuti zonse zidayenda bwino ku Santiniketan. M'zaka zoyambirira ana a magulu osiyana ankadya motalikirana, ndipo ntchito zina zinkasiyidwira antchito. Mahatma Gandhi atafikako mu 1915 adalimbikitsa ana ndi aphunzitsi kuti aziphika ndi kutsuka okha. Adayesa, koma sizidakhalitse, ngakhale kuti mpaka lero pa 10 Malichi amagwira okha ntchitozo pokumbukira. Vuto lalikulu lidachokera kwa makolo, amene ankafuna satifiketi yopezera ntchito. Sitingawadzudzule, ifenso timafunsa za mayeso a Sitandade 8. A Tagore adagonja n'kulola kuti ana akuluakulu azikonzekera mayeso a boma, koma mtima udawawawa. Mu 1918 adalemba nthano ya mbalame imene mfumu idalamula kuti iphunzitsidwe. Adaimangira khola lagolide, n'kumaikankhira mapepala a m'mabuku kukhosi mpaka idafa, akuluakulu a maphunziro akuyamikirana kuti ntchito yayenda bwino.

Pa nthawiyi dzina lawo lidali litamveka dziko lonse. Mu 1913 adalandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba, woyamba wosachokera ku Ulaya kuilandira, ndipo ndalama zake zidathandiza sukuluyo. Mu 1921 adakhazikitsa sukulu yaukachenjede ya Visva-Bharati pamalo omwewo. Komabe ankaona kuti ana a alimi oyandikana nawo sakupindula. Choncho mu 1922, mothandizana ndi Mngelezi wodziwa zaulimi, Leonard Elmhirst, adatsegula malo otukula midzi a Sriniketan, ndipo mu 1924 adayambitsa Siksha-Satra, sukulu ya ana osauka a m'midzi. Kumeneko mwana ankalima kadimba kake, kuluka nsalu, kupala matabwa, ndipo masamu ankawaphunzira poyeza mizere ndi powerengera zimene wagulitsa.

Mu 1928 adawonjezera zikondwerero ziwiri, chobzala mitengo ndi choyamba kulima. Mbande ankainyamula ngati mkwatibwi, ana akuimba, ndipo pa chikondwerero cholima a Tagore, ali ndi zaka 67, adagwira okha pulawo. Dera louma lija lidayamba kuchita mthunzi.

Ndalama sizidakwanepo mpaka mapeto. Mu 1936, ali ndi zaka pafupifupi 75, adali akuyendabe m'mizinda ndi ana ovina kuti apeze zoyendetsera sukulu, mpaka Gandhi adamva chisoni n'kuwapezera thandizo kuti abwerere kwawo akapume. Adamwalira ku Calcutta pa 7 Ogasiti 1941, ali ndi zaka 80. Mu 1951 boma la India lidatenga udindo woyendetsa Visva-Bharati. Mwa ana amene adaphunzira pansi pa mitengo ija mudatuluka Amartya Sen, amene adalandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 1998. Chikondwerero chobzala mitengo chidasamutsidwira pa tsiku lokumbukira imfa ya a Tagore, ndipo chaka ndi chaka, mkati mwa dzinja la ku Bengal, ana a ku Santiniketan amabzala mbande pa tsikulo.