René Descartes, mnyamata wodwaladwala amene anakonda masamu

Kale kale, m'caka ca 1596, ku dziko la France kunabadwa mwana wamwamuna. Dzina lake linali René Descartes. Ali ndi caka cimodzi cokha, amayi ake anamwalira. Agogo ake aakazi ndiwo anamulera.

René anali mwana wofooka. Ankatsokomola kawirikawiri. Atakula pang'ono, atate ake anamutumiza ku sukulu ya ansembe ya La Flèche. Ansembe aja anamumvera cisoni. Anzake akamadzuka m'mamawa, iye ankaloledwa kukhalabe m'bulangete mpaka dzuwa litakwera. Musaganize kuti unali ulesi, ai. Ali cigonere, René ankaganiza za manambala ndi mizere.

Mu 1618 analowa usilikali ku Holland. Pambuyo pake anakhala m'dziko lomwelo zaka pafupifupi 20, akuwerenga ndi kulemba. Mu 1637 anatulutsa buku. M'bukumo anasonyeza kuti manambala angathe kutiuza malo pamene cinthu cili. Anthu ena anapitiriza nzeru imeneyi, ndipo lero ana a sukulu a m'maiko onse amaiphunzira.

Tiyeni tiiyese m'munda wa mbatatesi kuno ku Tsangano.

Amayi asiya khasu pa mzere 2. Dengu alisiya pa mzere 8. Akufuna kukhazika mwana pakati penipeni, kuti azimuona bwino. Kodi amukhazike pa mzere uti?

Werengani ndi zala. Kucokera pa 2 pitani kutsogolo: 3, 4, 5. Kucokera pa 8 bwererani m'mbuyo: 7, 6, 5. Mwakumana pa mzere 5. Pamenepo ndiye pakati.

Akulu anu a m'makalasi apamwamba amacita mwacidule. Amaphatikiza 2 ndi 8, napeza 10. Kenaka amagawa 10 pawiri, napeza 5.

Koma mzere ndi wautali. Mwanayo akhale pati pa mzerewo? Apa ndi pamene nzeru ya René imathandiza. Tiwerengenso mapando. Khasu lili pa phando 1, dengu lili pa phando 7. Pakati pa 1 ndi 7 pali 4. Ndiye kuti mwana akhale pa mzere 5, phando 4. Manambala awiri okha, malo apezeka!

René anali ndi mwana wamkazi, dzina lake Francine. Mwanayo anamwalira mu 1640 ali ndi zaka 5, ndipo atate ake analira kwambiri.

Mu 1649 mfumukazi Christina ya ku Sweden inaitana René kuti akaiphunzitse. Inu mumadziwa cisanu ca ku Tsangano ndi ku Furancungo m'mwezi wa Juni. Ca ku Sweden cimaposa pamenepo, mpaka madzi amauma gwa ngati mwala. Tsono mfumukaziyo inkafuna kuphunzira 5 koloko m'mawa, kunja kukali mdima. Munthu amene anazolowera kudzuka dzuwa litakwera anayamba kulawirira m'cisanu cotere. Sipanapite nthawi, anadwala cibayo. Anamwalira mu mzinda wa Stockholm pa 11 Febuluwale 1650, ali ndi zaka 53.

Tauni imene anabadwira inali La Haye. Lero dzina lake ndi Descartes.