Charles Dickens, Mlembi Wodziwa Polekezera Nkhani

Anzanga ndi aphunzitsi athu, ndapempha malo m'magazini athu ano kuti ndikuuzeni mbiri ya Charles Dickens, mlembi wochuka wa ku England. Ambiri a ife tamva za Oliver Twist ndi David Copperfield, ndipo ena tawerenga mabuku amenewa. Ife tiwaona ali mabuku akuru a masamba ambiri, koma anthu oyamba kuwawerenga sanawaone comweco iai. Iwo anali kulandira nkhani pang'onopang'ono, gawo limodzi pa mwezi kapena pa mlungu, nadikira gawo lina. Cifukwa ca ici, kudziwa polekezera gawo inali nchito imene inadyetsa Dickens ndi ana ace. Ndiganiza kuti m'moyo wace muli phunziro kwa ife amene tiyesa kulemba nkhani zopitirira.

Dickens anabadwa pa 7 Febuluwale 1812 ku Portsmouth, ndipo anali waciwiri mwa ana 8. Atate wace, John Dickens, anali kalaliki mu ofesi yolipira asilikali a panyanja, koma anali munthu wosatha kusunga ndarama. Banja litasamukira ku London, ngongole zinacuruka, ndipo mu 1824 bamboyo anatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea, imene inali ya anthu olephera kubweza ngongole. Charles anali wa zaka 12. Anamtumiza ku nchito yomata timapepala pa mabotolo a mankhwala opaka nsapato, ndipo malipiro ace anali masheleni 6 pa mlungu. Atate wace anaturuka itapita miyezi itatu, ndipo pambuyo pace mnyamatayo anabwerera ku sukulu, koma manyazi a masiku amenewo sanamcoke. Anabisa nkhaniyi kwa anthu, ndipo dziko linaidziwa iye atafa, pamene bwenzi lace John Forster analemba mbiri yace.

Ali ndi zaka 15 analowa nchito ya ukalaliki kwa odziwa malamulo. Anadziphunzitsa kalembedwe kacidule kothamangira mau a munthu wolankhula, nayamba kulemba zokambidwa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 1834 analembedwa nchito pa nyuzipepala ya Morning Chronicle. Kumeneko anaphunzira zinthu ziwiri zimene zinamthandiza moyo wace wonse. Coyamba, makina osindikiza sadikira munthu. Caciwiri, malo a papepala ali ndi malire, ndipo mlembi ayenera kulinga mau ace ndi malowo. Nthawi yomweyo anali kulemba tinkhani ta moyo wa mu London, nadzicha dzina lakuti Boz.

Mwai wace unafika mu 1836. Osindikiza mabuku ochedwa Chapman and Hall anafuna kuturutsa zithunzi zoseketsa za mmisiri wina, Robert Seymour, mwezi ndi mwezi, ndipo anapempha Dickens kuti azilemba mau otsagana nazo. Umo ndi m'mene The Pickwick Papers inayambira. Poyamba zinabvuta, pakuti timabukuto tinagulidwa mazana ocepa okha, ndipo Seymour anadzipha gawo laciwiri lisanaturuke. Pamenepo anasintha makonzedwe: anacepetsa zithunzi kukhala ziwiri, naonjeza masamba a nkhani kucokera pa 24 kufika pa 32. M'gawo lacinai Dickens analowetsamo wanchito wanthabwala dzina lace Sam Weller. Anthu anamkonda, ndipo mlembi ataona ici anampatsa malo akuru m'nkhani. Pofika kumapeto, mu 1837, gawo limodzi linali kugulidwa makope pafupifupi 40,000.

Tiyeni tione m'mene malonda amenewa anali kuyendera. Masiku amenewo buku latsopano la nthano linali kugulidwa masheleni 31 ndi theka, mtengo umene munthu wamba sakanaufikira. Koma gawo limodzi la Dickens linali sheleni imodzi yokha. Nkhani yonse inali ndi magawo 20, ndipo awiri otsiriza anali kuturuka pamodzi, kotero kuti wowerenga anayenda ndi mlembi miyezi 19. Apa ndi pamene panali bvuto. Wogula buku lathunthu walipira kale, ngakhale alitaye pakati. Koma wogula gawo limodzi ali ndi ufulu wakuleka mwezi uli wonse. Motero gawo liri lonse, la mitu itatu kapena inai, linayenera kumkhutitsa kuti sheleni yace sinapite cabe, ndiponso kumsiya ndi njala ya mwezi wa mawa. Masamba anayenera kukwana 32 ndendende. Mau akacuruka Dickens anali kudula, ndipo akaperewera anali kuthamangira kwa osindikiza kukaonjeza.

Mu 1837 anali kulemba nkhani ziwiri pa nthawi imodzi, Pickwick ndi Oliver Twist, ndipo sanali patsogolo kweni kweni pa osindikiza. M'mwezi wa Meyi caka cimeneco mlamu wace Mary Hogarth, mtsikana wa zaka 17 amene anali kukhala nao m'nyumba, anamwalira mwadzidzidzi. Dickens anamva cisoni kotero kuti analephera kulemba, ndipo magawo a mwezi wotsatira a nkhani zonse ziwiri sanaturuke. Ici cisonyeza kuopsya kwa nchitoyi: matenda kapena maliro m'nyumba ya mlembi anali kufika kwa owerenga zikwi zambiri.

Wosimba nthano pamoto usiku aona nkhope za omvera ace, ndipo akaona kuti ayamba kusinza afulumiza nkhani. Dickens sanali kuona nkhope, koma anali ndi makalata a owerenga ndi ciwerengero ca timabuku togulidwa. Pamene The Old Curiosity Shop inali kuturuka mlungu ndi mlungu mu 1840 ndi 1841, ogula anafika 100,000, ndipo ambiri anamlembera kumpempha kuti asaphe Nell, mtsikana wa m'nkhanimo. Iye sanawamvere, pakuti anaona kuti nkhani yonse inali kuloza ku imfa imeneyo. Koma mu 1843, Martin Chuzzlewit itangogulidwa makope ngati 20,000, anasintha njira natumiza Martin ku America, dziko limene iye mwini analiyendera mu 1842. Malonda anakwera pang'ono pokha. Ndiganiza kuti apa anaphunzira kuti kudzidzimutsa owerenga pakati pa ulendo sikuciritsa nkhani imene sinakonzedwe bwino paciyambi.

Kuyambira ndi Dombey and Son, imene inaturuka kucokera mu 1846 kufika mu 1848, iye anali kukonza gawo liri lonse asanalilembe. Anali kutenga pepala nalipinda pakati. Kumanzere analemba maganizo ndi mafunso odzifunsa, monga ngati munthu wakutiwakuti aoneke tsopano kapena adikire mwezi wina. Kumanja analemba mitu ya gawolo ndi zimene zidzacitike m'mutu uli wonse. Ambiri a mapepala amenewa anasungidwa. M'nkhani imeneyi mwana wodwaladwala, Paul Dombey, amwalira pamapeto peni peni pa gawo lacisanu, ndipo owerenga anakhala mwezi wathunthu ndi maliro amenewo. Dickens anadziwa kuti mwana wokondedwa atapita anthu angathe kuleka kugula, ndipo m'gawo lacisanu ndi cimodzi anatembenuzira mitima yao msanga kwa Florence, mlongo wa Paul. Kotero gawo lingathe kulekezera pa cisoni ndi bata, osati pa zoopsya zokha, malinga ngati wina watsala amene owerenga amdera nkhawa.

Mu 1850 anayambitsa magazini ace oturuka mlungu ndi mlungu, ochedwa Household Words, ndipo iye anali mkonzi. Gawo la pamlungu linali lalifupi ndithu, ndipo polemba Hard Times mu 1854 anabvutika ndi kucepa kwa malo, pakuti sanathe kuyendayenda ndi nthabwala monga anazolowera. Caka comweco anasiyana maganizo ndi mai Elizabeth Gaskell, amene nkhani yao, North and South, inali kuturuka m'magaziniwo. Dickens anafuna kuti aifupikitse ndi kuti magawo azilekezera pamalo okoka mtima, koma maiwo anafuna kuyenda modekha. Nkhaniyo itaturuka ngati buku mu 1855 anaonjezamo mitu ina. Ine sindinena kuti wina analakwa; mkonzi anali kuganiza za wogula wa mlungu uno, ndipo mlembi anali kuganiza za buku lonse.

Citsanzo cimene ndicikonda koposa ndi Great Expectations. Mu 1860 magazini ace atsopano, All the Year Round, anayamba kutaya ogula cifukwa nkhani ya Charles Lever imene inalimo sinawakondweretse. Kuti apulumutse magaziniwo, Dickens analowetsamo nkhani yace, imene inaturuka magawo 36, kuyambira pa 1 Disembala 1860 kufika pa 3 Ogasiti 1861. Gawo loyamba liri ndi mitu iwiri yokha. Mwana wamasiye, Pip, ali kumanda a makolo ace, ndipo mkaidi wothawa amgwira namlamula kuti abweretse cakudya ndi tupa wodulira unyolo. M'mutu waciwiri tiona nyumba imene Pip akhala, ndi mlongo wace waukali ndi mlamu wace wofatsa wosula zitsulo. Mbandakuca Pip aba cakudya ndi tupayo, atsegula citseko, nathamangira kudambo. Gawo lithera pomwepo. Taonani kuti funso limodzi layankhidwa, pakuti tadziwa kuti mwanayo waba ndithu, koma kuyankhako kwabala mafunso awiri, la mkaidi ndi la mlongo wace akadzazindikira.

Nkhaniyo anaigawa m'zigawo zitatu zofanana, ca magawo 12 ciri conse. Mkaidi uja asowa ciyambi ca nkhani, ndipo Pip akula napita ku London ndi ndarama za munthu wosadziwika. Owerenga anadikira miyezi yoposa isanu, kufikira mutu 39, umene utseka cigawo caciwiri, pamene mkaidiyo akwera makwerero a nyumba ya Pip usiku wa mvula ndi mphepo. Cimene anadzanena cisintha tanthauzo la zonse zimene zinapita. Apa tiona mafunso a mitundu iwiri: laling'ono lokoka munthu kufikira mlungu wa mawa, ndi lalikuru lomgwira miyezi yambiri. Akuru anati kuthamanga si kufika, ndipo Dickens anadziwa kusunga yankho lalikuru kufikira nthawi yace.

Moyo wace wa kunyumba sunali wosalala monga kuchuka kwace. Anakwatira Catherine Hogarth mu 1836 ndipo anabala ana 10, koma mu 1858 anapatukana naye, namnenera zoipa zimene ambiri aziyesa zosayenera. Caka comweco anayamba kuyenda m'mizinda kuwerenga nkhani zace pamaso pa anthu olipira, nchito imene inamthera mphamvu. Pa 9 Juni 1865 sitima ya pamtunda imene anakwera inagwa pa ulalo ku Staplehurst, ndipo anthu 10 anafa. Atathandiza obvulala, anakumbukira kuti mapepala a gawo lotsatira la Our Mutual Friend atsala m'ngolo, nakweranso kukawatenga. Anadziwa kuti anthu ali kudikira.

Anamwalira pa 9 Juni 1870 kunyumba kwace ku Gad's Hill, ali ndi zaka 58. Anaikidwa m'chalichi cacikuru ca Westminster Abbey, m'mene David Livingstone anaikidwanso mu 1874. Imfa inampeza ali pakati pa The Mystery of Edwin Drood, imene inayenera kukhala ya magawo 12, koma iye anali atalemba 6 okha. Mnyamata Edwin asowa m'nkhanimo, ndipo mlembi sanafike pakuulula cimene cinamcitikira. Alembi ena ayesa kuimaliza, koma gawo lacisanu ndi ciwiri la Dickens mwini kulibe.

Tsono anzanga, ife tikalemba pansi pa nkhani zathu kuti ipitirira m'magazini otsatira, tidziwe kuti tatenga ngongole kwa owerenga. Magazini a sukulu saturuka mlungu ndi mlungu, ndipo anzathu adzadikira miyezi. Cifukwa cace ndipempha zinthu zitatu zimene ndaziona m'mbiri imeneyi. Tidziwe mathero a nkhani tisanapereke gawo loyamba kwa mkonzi, ndipo tilembe papepala zimene zidzakhale m'gawo liri lonse. Gawo liri lonse likhale ndi cocitika cace cathunthu, kuti wowerenga asanene kuti tamtayitsa nthawi. Ndipo tilekezere pamene munthu wa m'nkhani wacita kanthu kamene sangathe kukabweza, monga Pip potsegula citseko cija, pakuti funso lotere silifuna mau ambiri olikometsera ndipo siliiwalika msanga. Amene ali m'kalasi lotsiriza amalize nkhani zao asanacoke pano. Dickens analekezedwa ndi imfa, koma ife tiribe cowiringula cotero.